Mawu a Mkonzi: Ng'ombe Ikapoloza, Nkhani Isathere M'khola

Ng'ombe ikapoloza m'midzi mwathu muno, kaya ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi, mwini khola amangodandaula kuti mwana wa ng'ombe watayika. Mnyamata wobusa amakoka chakufacho ndi manjamanja, nsengwa n'kuponyera agalu, kukacha mkaka n'kukamidwa monga mwa nthawi zonse. Pakapita masabata awiri kapena anayi, mnyamata uja amayamba kutentha thupi, thukuta kamukamu usiku, msana ndi mawondo kuphwanya. Kuchipatala amamuyeza malungo, osawapeza. Amapezako bwino, kenaka zimabwereranso, mpaka abale kuyamba kuloza chala agogo a kuseri kwa mudzi.

Nthawi zina matenda amenewa amakhala brucellosis. Kachilombo kake kamakhala m'chiberekero ndi m'bere la ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ndipo kamatuluka kochuluka zedi chiweto chikamabereka kapena kupoloza. Kamalowa mwa munthu kudzera pa kabala kakang'ono ka pa dzanja, m'maso, m'mphuno, ndiponso m'mkaka wosawiritsa. N'chifukwa chake amene ali patsogolo kudwala ndi abusa, okama, osenda nyama ndi alangizi a ziweto omwe. Ofufuza atayeza abusa ndi ogwira ntchito m'malo ophera ng'ombe ku Namwala, Monze ndi Choma, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu alionse anakumanapo ndi kachilomboka. Kumeneko n'kummwera, inde, koma ng'ombe sizidziwa malire a zigawo.

Za mkaka tinene mosabisa. Ambiri amakhulupirira kuti mkaka ukasasa, uja ena amati mabisi, anzathu a ku Malawi n'kumati chambiko, ndiye kuti wayera. Kusasa sikupha tizilombo tonse. Wiritsani kaye, musasitse pambuyo. Asilikali a Britain pa chilumba cha Malta anasiya kudwala atawaletsa mkaka wa mbuzi wosawiritsa, pamene Themistocles Zammit anatulukira mu 1905 kuti gwero la matendawa linali mbuzi. Amene anapeza kachilomboko ndi David Bruce, mu 1887.

Kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, kuli phunziro lina. Mayi wa ku Chemusa mu mzinda wa Blantyre alibe khola, koma mkaka wa tiyi wa ana ake umachokera kwa alimi a ng'ombe zamkaka a m'maboma oyandikana nawo monga Thyolo ndi Chiradzulu. Ofufuza atayeza ng'ombe zamkaka zoposa 500 kuchigawo chakummwera cha Malawi, sanapeze ndi imodzi yomwe yodwala. Ife chomwe tikusirira pamenepa si mwayi wawo ayi, koma kuti anayeza n'kudziwa. Kuno nkhunzi imabwerekedwa mudzi wonse, ng'ombe za malowolo zimalowa m'khola tsiku lomwelo zafika, ndipo ng'ombe yomwe yapoloza kawiri amaithamangitsira kumsika kuti mavuto akaone wina.

Katemera wa anthu kulibe, koma wa ng'ombe alipo, S19 ndi RB51. Matendawa amachizika, kungoti mankhwala ake, monga doxycycline pamodzi ndi rifampicin, amamwedwa masabata 6 osadumphitsa. Wosiyira panjira amayambiranso kudwala, ndipo kwa abambo mavalo amatha kutupa.

Mlimi akwirire mozama chopolozedwa pamodzi ndi nsengwa yake, atavala magolovesi, ngakhale mapepala apulasitiki m'manja pakasowa china, kenaka akanene kwa alangizi a ziweto. A zaumoyo nawonso, munthu akabwera kachiwiri ndi thupi lotentha koma malungo osapezeka, amufunse ngati amaweta, ngati amakama, ngati m'khola mwake mwapolozedwa posachedwa. Ndipo maofesi a ziweto ndi a zaumoyo ku Chipata azitumizirana malipoti amenewa mwezi ndi mwezi, kuti khola la matendawa likadziwika, a m'nyumbamo nawonso ayezedwe.