Kodi agogo a amayi anu adamwalira ndi chiyani?

Munthu akapezeka ndi BP yokwera kapena shuga, a chipatala amakonda kufunsa ngati kumtundu kwake alipo wina amene adadwalapo nthenda yomweyo. Ifenso amene timayeza anthu BP kutchalitchi kuno ku Ntaja timafunsa funso lomweli, ndipo mayankho ake sasiyana: "adangogwa ali kumunda," "adatupa miyendo," "adachita kulodzedwa." Tikafunsa za agogo a amayi awo, ambiri ngakhale dzina salidziwa. Chonsecho mbiri ya mtundu wathu ili ndi gawo pa zimene adokotala angatilangize.

Achinyamata athu amene amaona pa intaneti azungu akupeza makolo awo m'mabuku a kalembera amatifunsa ngati kuno zingatheke. Ku England ndi ku Wales mapepala a kalembera amatsegulidwa pakatha zaka 100, ndipo a 1921 adatsegulidwa mu 2022. Ku America amadikira zaka 72. Munthu amapezamo dzina la agogo ake, zaka zawo, ntchito yawo ndi onse amene adagona m'nyumbamo. Kwathu kuno musataye ndalama ya minibasi kupita ku National Statistical Office ku Zomba ndi chiyembekezo chotere. Akalembera a nthawi ya atsamunda, monga wa 1921, 1931 ndi 1945, ankafuna chiwerengero cha anthu akuda osati mbiri ya munthu mmodzimmodzi. Chilandirire ufulu tawerengedwa mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, koma lamulo sililola kuti zimene banja lidayankha ziperekedwe kwa munthu wina. Chimene mungapeze ndi choti mu 2018 Machinga idali ndi anthu oposa 735,000 ndipo Balaka oposa 438,000. Agogo anu ali m'chiwerengerocho koma simungawaloze.

Komabe kwa owerengera anthu tingabwerekeko nzeru imodzi. Akakumana ndi gogo wosadziwa chaka chake chobadwa, amamufunsa zinthu zazikulu zimene adaziona. Nafenso tizitero. Kodi pa njala ya 1949 mudali mutayamba kusinja? Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1968 mudali ndi ana angati? Ndalama ya kwacha ikubwera mu 1971 mudali mutakwatiwa? Abambo adabwerako ku Wenela ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974 kapena itagwa kale? Mayankho awiri kapena atatu otere amakufikitsani pafupi ndi chaka chenicheni.

Kumene kuli mayina ndi m'mabuku a maukwati ndi a ubatizo. Apa mpofunika kudziwa kuti agogowo ankapemphera kuti, chifukwa mabanja athu ambiri kuno ndi osakanikirana: agogo aakazi Achisilamu, amalume a Katolika, ife a Seventh-day. Mpingo wathu udakhazikika ku Malamulo, m'boma la Thyolo, mu 1902, ndi ku Matandani, ku Neno, mu 1908. Akatolika a Montfort adatsegula mishoni ya Utale ku Balaka mu 1908, ndipo a Church of Scotland, amene lero ndi CCAP, adali kale ku Domasi. Mabuku a Akatolika ndi othandiza kwambiri pa ntchitoyi chifukwa amabatiza makanda, kotero amalemba dzina la mwana, makolo ake onse awiri ndi mudzi wawo. Ife sitibatiza makanda, ndiye buku la mlembi wa mpingo lidzakuuzani tsiku limene agogo adabatizidwa, kumene adasamukira ndi kalata, mwinanso chaka chimene adamwalira, koma osati chaka chobadwa. Kalata ya mtchatho, ngati ilipobe pansi pa sutikesi, muione bwino malo a mboni. Kawirikawiri mboni zija ndi ankhoswe, ndipo nkhoswe amakhala mbale weniweni, malume kapena mchimwene. Dzina lake ndi khomo lolowera ku mbumba yonse.

Chenjerani ndi tsiku lolembedwa pa kalatayo. Makolo ambiri adayamba banja mwa mwambo, ankhoswe atagwirizana, nkudzadalitsa ukwati kutchalitchi ali kale ndi ana anayi. Wina akaona kuti amayi ake adabadwa zaka 6 mtchatho usanachitike amayamba kuganiza zolakwika, pamene palibe chachilendo. Maukwati ochuluka a kale sadalembedwe paliponse. Umboni wake udali ankhoswe ndi a mfumu, ndipo kwa Asilamu, shehe amene adamanga ukwatiwo.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi mayina. Mwamuna mmodzi amatha kukhala ndi dzina la paubwana, lina lotuluka nalo ku jando, lina la ubatizo, ndi linanso limene adalembetsa popita ku Joni kapena ku Salisbury. Mlembi wa mishoni ankalemba monga wamvera, kotero Yusufu amasanduka Usufu kapena Jusufu. Ana ambiri adatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala dzina la banja, ndiye m'badwo uliwonse uli ndi dzina lakelake. Pamenepa Chiyao chimatithandiza. Mayi wotchedwa Abiti Uje watiuza kale dzina la bambo ake, pakuti "abiti" ndiye kuti mwana wamkazi wa uje. Ndipo popeza kuno mtundu timatsata kuchikazi, ndi mwamuna amene ankapita chikamwini, mudzi wa agogo aakazi ndi umene susuntha. Yambirani kumeneko. Za kuchimuna zimavuta, makamaka ngati agogo aamuna adali Mlomwe amene makolo ake adachokera ku Mozambique, koma musazisiye, chifukwa nthenda sidziwa kuti ife timatsata kuchikazi. Magazi timatenga mbali zonse ziwiri mofanana.

Malo nawo adasintha mayina. Machinga inkatchedwa Kasupe, Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo Balaka idakhala boma palokha mu 1998. Amene angafike ku National Archives ku Zomba akumbukire zimenezi pofunsa mafayilo. Kumeneko kuli zolemba za ma DC zonena za mafumu monga Kawinga ndi Liwonde ndi midzi yawo, zothandiza kudziwa kumene mudzi wanu udachokera. Zambiri za boma za chaka cha 1919 chisanafike zidapsa ndi moto umene udawononga maofesi a boma ku Zomba chaka chimenecho.

Mapepala onsewa amapereka mayina ndi zaka. Chimene munthu adadwala chili m'mutu mwa azakhali, amalume ndi agogo amene akadali moyo, ndipo safunsa adadya phula. Pitani ndi kope ndi cholembera, mukhale pamkeka, musafulumire. Musafunse kuti "adafa ndi chiyani," chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Funsani mmene adadwalira. Kodi adafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa nkupotoka? Kodi ankamwa madzi pafupipafupi, kukodza usiku wonse, kuonda, kapena adali ndi chilonda cha kuphazi chosapola? Kodi ankabanika pachifuwa nyengo yozizira? Kodi mayi uja adali ndi chotupa m'bere? Adali ndi zaka zingati? Funso lomalizali ndi lofunika, pakuti bambo amene adagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 45 akutichenjeza mosiyana ndi gogo amene adagwa ali ndi zaka 85. Lembani zimene mwamva m'mawu a wokambayo, dzina la nthenda mukawasiyire adokotala. Akanena za ufiti musatsutsane nawo pamenepo. Lembani zizindikiro, mupitirize.

Si nthenda iliyonse yopezeka kawirikawiri pabanja imene ili ya kumtundu. TB ndi khate zimayamba ndi tizilombo, ndipo zimagwira anthu a nyumba imodzi chifukwa chokhalira pamodzi. Banja lisasalidwe pa ukwati chifukwa agogo adakagonekedwapo ku Utale ndi khate. Koma ngati mwamva za ana angapo a bere limodzi amene ankatupa manja ndi mapazi ali makanda, maso achikasu, kulira ndi ululu wa m'mafupa, kuikidwa magazi kawirikawiri nkumwalira ali aang'ono, ganizirani za sickle cell. Munthu amatha kukhala ndi mbewu ya nthendayi osadwala konse. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi nthendayo. Kumene ukwati wa pachisuweni umachitika nkhaniyi ndi yofunika koposa, ndipo achinyamata amene ali pa chitomero akafunse kuchipatala za kuyezetsa magazi ankhoswe asanatchule tsiku.

Pali mabanja amene sadyerana mpaka lero chifukwa gogo wina adanenedwa kuti ndiye adatha ana a mchemwali wake. Mayina ndi zizindikiro zikandandalikidwa patsamba limodzi, mibadwo itatu motsatizana, nthawi zina zimaoneka kuti ana aja adadwala mofanana, ndipo kwa msuweni wa kutsidya la Shire zidachitikanso chimodzimodzi.

Kopelo likhale ndi tsamba la munthu aliyense: mayina ake onse, mudzi ndi mfumu yake, mpingo kapena mzikiti, amene adakwatirana naye, ana, ndi mmene adadwalira. Mabuku a kuchipatala a anthu amene adatisiya musawataye kapena kuwaika m'bokosi la maliro. Asungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makalata a mtchatho, kutali ndi chiswe. Alembi a mipingo yathu tikuwapempha ajambule pa foni masamba a mabuku akale asanafufutike. Ndipo kuyambira 2015 lamulo likufuna kuti mwana aliyense alembetsedwe akabadwa, kotero amene ana awo alibe chiphaso cha kubadwa akafunse ku ofesi ya National Registration Bureau kwa DC.