Foni yanena, anamwino anena: mumvera ndani?

Masiku ano munthu akamva kuphwanya m'thupi, kawirikawiri amayamba wafunsa foni asanaganize zopita kuchipatala. Wina amatsegula WhatsApp, wina Facebook kapena TikTok, ndipo amene alibe mamega amamvera kwa mwana wake kapena kwa mnansi. Pofika pamzere wa ku centro de saúde amakhala atadziuza kale dzina la matenda ndi mankhwala amene akufuna. Ena amati zimenezi zapatsa odwala ufulu wosankha. Inu owerenga, tiyeni tione ngati zilidi choncho kwathu kuno.

Tiyambe ndi kusankhako. Mumzinda wa Maputo, Beira kapena Tete, munthu wa ndalama akhoza kusiya chipatala cha boma n'kupita cholipira. Koma ngati mumakhala kumidzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde, nthawi zambiri chipatala chofikirika ndi chimodzi basi, kupatula okhala m'malire amene amadumphira ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kusankha kwanu kwenikweni kuli pakati pa chipatala chimenecho, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amene timamutcha APE, sing'anga, wogulitsa mapiritsi pamsika, kapena kungokhala panyumba. Uthenga wa pafoni sukuwonjezerani chipatala chachiwiri. Chimene ungachite ndi kukukankhirani ku imodzi mwa njira zimenezi, ndipo ina mwa izo ikhoza kukutayitsani moyo.

Palinso nkhani ya kuwerenga. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 39 pa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Zambiri zolembedwa ndi akatswiri a zaumoyo zili m'Chipwitikizi. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, wolankhulidwa m'chinenero chathu ndi munthu wodzitcha dokotala, suvuta kumva ndipo umayenda ngati moto wolusa. Ulibe dzina, ulibe tsiku, ulibe chidindo, ndipo mukadwalika simudziwa woti mukamufunse.

Taganizirani za kutentha thupi. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo, MISAU, ndi akuti munthu ayambe wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo. Kachipangizo koyezera kakaonetsa malungo, mumalandira Coartem, woti mumwe kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu mpaka kumaliza. Kakaonetsa kuti mulibe, anamwino amafufuza chifukwa china. Tsono munthu amene wamva pafoni kuti kutentha kulikonse ndi malungo amatuluka atakwiya, n'kunena kuti amumana mankhwala. Kenako amakagula Coartem kapena amoxicilina kumsika, n'kumwa masiku awiri okha. Chimfine wamba chimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicilina sachita kanthu pa mavairasi. Kumwa mankhwala otere mwachisawawa kumachititsa kuti tizilombo ta mabakiteriya tisamawamvenso, moti tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni akhoza kudzalephera kumuthandiza.

Apa mukuona kuti kukhutira ndi kuthandizidwa bwino sizimayendera limodzi nthawi zonse. Wina amachoka akumwetulira chifukwa wabayidwa jakisoni amene sanafunike. Wina amachoka akung'ung'udza pamene wayezedwa bwino n'kuuzidwa zoona. Pofuna kudziwa ngati mwathandizidwa, dzifunseni izi: Kodi andimvetsera? Andiyeza? Andiuza chimene apeza m'mawu amene ndamva? Andifotokozera kamwedwe ka mankhwala ndi tsiku lobwereranso?

Komabe mlandu wonse sitingaukankhire kwa odwala. Munthu amene wayenda makilomita ambiri, wadikira m'mawa wonse, kenako n'kulankhulidwa mwaukali kwa mphindi ziwiri m'Chipwitikizi chimene sakuchimva bwino, sangalekerenji kukhulupirira foni? Foniyo simukalipira ndipo imabwereza mawu ake kangati konse. Mankhwala akasowa pazenera lolandirira, wa kumsika ndiye amapindula. Pamene wazaumoyo wasiya mpata posafotokoza, mphekesera ndi imene imalowapo.

Dziko lathu laona kale zotsatira zake. Kangapo konse, m'zigawo za Nampula, Zambézia ndi Cabo Delgado, anthu amenya azaumoyo ndi atsogoleri a m'midzi, ena mpaka kuphedwa, chifukwa cha mphekesera yakuti mankhwala othira m'madzi, cloro, ndiwo akufalitsa kolera. Mphekesera imeneyi inayamba mafoni a intaneti asanachuluke, koma lero ikhoza kufika m'maboma angapo tsiku limodzi. Mu 2022, poliyo atapezeka mwa ana m'chigawo cha Tete, patangopita miyezi yochepa atapezekanso ku Lilongwe, katemera anayenda khomo ndi khomo. Ntchito yotere imatheka pokhapokha kholo likakhulupirira amene wagogoda pakhomo kuposa mawu osadziwika mwini ake.

Nanga muchite chiyani? Musataye foni, koma muipatse ntchito yoyenera. Ikuthandizeni kukonza mafunso opita nawo kuchipatala. M'malo mouza anamwino kuti "ndipatseni mankhwala akutiakuti", nenani kuti "ndamva zakutizakuti, kodi n'zoona kwa ine?" Wazaumoyo wabwino sakhumudwa ndi funso lotere. Musanakhulupirire uthenga, onani amene waunena, tsiku lake, ndiponso ngati kumapeto kwake sakukugulitsani kanthu. Amene akulonjeza kuchiza shuga, HIV ndi kuthamanga magazi ndi botolo limodzi akufuna ndalama zanu. Ngati muli pa ma ARV kapena pa mankhwala a chifuwa chachikulu, musawasiye chifukwa cha kanema. Unduna uli ndi njira zake zaulere: mukhoza kuyimba *660#, imene ndi PENSA ndipo siifuna mamega, kapena kufunsa ku Alô Vida. Wailesi ya m'dera lanu ndi APE wa m'mudzi mwanu amalankhula chinenero chanu ndipo mumawadziwa kumene ali.

Pali nthawi zina zosayenera kufunsa foni n'komwe. Mwana akamakomoka, akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, mayi woyembekezera akataya magazi, kapena munthu akamatsegula m'mimba mwamadzimadzi mosalekeza, nyamukani nthawi yomweyo.

Ngati kuchipatala sanakulandireni mwaulemu, kapena akupemphani ndalama yopanda risiti, musathawire kumsika, ndipo musangodandaulira pagulu la WhatsApp. Dziko lathu lili ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa odwala, chimene chimati muyenera kulemekezedwa, kuuzidwa za matenda anu ndi kusungiridwa chinsinsi. Zipatala zambiri zili ndi Gabinete do Utente kapena bokosi la madandaulo, komanso komiti ya co-gestão mmene mumakhala anthu a m'dera lanu. Kudandaula kumeneko kumafika kwa oyang'anira, pamene kwa pafoni kumangoopseza ena kuti asapite kukalandira chithandizo.

Ndime 89 ya Malamulo a dziko lino imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala, komanso udindo woteteza umoyo wa anthu onse. Udindo umenewu umakhudzanso chala chanu. Uthenga wa zaumoyo ukafika lero, musautumize kwa abale musanaufunse kwa munthu amene mungathe kumupezanso mawa.