Musanalipire fizi, pemphani kaye kabuku ka malamulo

Nyengo ino, sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, Facebook ndi ma status a WhatsApp zimadzaza ndi zotsatsa za sukulu za pulayiveti. Zithunzi zake nzokongola: ana a khungu losiyanasiyana akuseka pa kapinga, mtsikana atanyamula botolo mu labu, mmusi mwake alemba kuti pano mwana aliyense ndi wolandiridwa. Sukulu zina za mtauni zilinso ndi tsiku la chikhalidwe, ana amavala zitenje, ng'oma nkumalira, makolo nkumajambula. Sitikudana nazo zimenezo. Koma asisi, tsiku limene mng'ono wanu adzapeze vuto, ahedi sadzatulutsa chithunzi chija. Adzatsegula dirowa nkutulutsa kabuku ka malamulo komwe munasainira mothamanga tsiku lolipira fizi.

Nkhaniyi ndi yathu. Ambiri a ife ndi amene tikulipirira ang'ono athu fizi, ena tayamba kufunira ana athu malo ku nazale, ena tikuphunzitsa m'sukulu zomwezi. Ndipo pulayiveti inasiya kalekale kukhala ya anthu olemera okha. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994, ana omaliza Sitandade 8 akhala akuchuluka kuposa malo a ku sekondale za boma, ndiye amene sanasankhidwe amalowera ku pulayiveti za ku Ndirande, Area 25, Chibavi ndi kwina konse. Zimene sukuluzi zimagamula zokhudza mwana woyenera kukhala mkalasi ndi woyenera kutuluka zikukhudza atsikana ambirimbiri, ndipo nthawi zambiri zimagamulidwa chitseko chili chotseka.

Tiyambe ndi tsamba lomwe limapweteka kwambiri, la mimba. Mmodzi wa ife amakumbukira tsiku lotsegulira temu pa boding'i ina yomwe anaphunzirako. Anyamata ankangonyamula masutikesi awo ulendo ku hositelo. Atsikana ankayamba afola kaye pakhomo pa amatroni kuti awayeze mimba, ndipo palibe ankawafunsa ngati akulola. Temu ina mnzake wa bedi loyandikana nalo anamuitanira pambali. Kutacha, matiresi ake anali atapindidwa. Ku asembule sanatchule dzina lake, anangoti sukuluyi siisunga anthu opanda khalidwe. Fizi ya temu yonse sinabwezedwe, ndipo palibe anafunsa kuti mimbayo ndi ya ndani.

Dziko lathu lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Inayamba mu 1993, ndipo unduna wa zamaphunziro unaikonzanso mu 2018. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ndiye mtsikana wa Fomu 2 akapezeka ndi mimba, funso loyamba la munthu wamkulu aliyense liyenera kukhala lakuti, kodi wamupanga zimenezi ndani? Sukulu ikamuthamangitsa mwakachetechete kuti iteteze mbiri yake, yatetezanso bambo amene anamugwirira, ndipo nthawi zina bamboyo amakhala ali mu sitafu rumu momwemo akumwa tiyi. Mu 2022 komiti ya akatswiri oona za ufulu wa ana mu Africa inagamula kuti dziko la Tanzania linaphwanya ufulu wa atsikana powayeza mimba mokakamiza ndi kuwachotsa sukulu. Pangano la ufulu wa ana lomwe anagwiritsa ntchito pogamula nkhaniyo, Malawi nayenso analivomereza.

Tsamba lachiwiri ndi la tsitsi ndi zovala. Mu Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti nkulakwa kukaniza ana achi Rasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi awo. Nkhani ya hijabu nayo tikuikumbuka: mu 2019 kunabuka mkangano woopsa pa sukulu za M'manga ku Balaka, katundu anaonongeka, ana nkukhala pakhomo. Zinatengera zokambirana zotsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee kuti mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu agwirizane zoti mtsikana wachisilamu azivala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu. Nkhani ziwirizi zinaonetsa kuti yunifolomu ingathe kukhalapo popanda kulanda mwana chipembedzo chake. Sukulu ya pulayiveti yomwe ikudzitcha ya aliyense ilibe chifukwa chodikirira kuti nayo aikokere kukhoti.

Ndipo taliwerengani bwino lamulo la tsitsilo. Ngati likunena kuti tsitsi likhale laukhondo, lomangidwa bwino pa nthawi ya masewera ndi mu labu, palibe vuto. Koma ngati mtsikana wa tsitsi losalala amaloledwa kulisunga mpaka kumsana pomwe wa tsitsi lathu lopotanali akuuzidwa kuti amete kapena aliwongole, lamulolo likuphunzitsa mwana kuti mutu umene anabadwa nawo ndi wosalongosoka. Atsikana a pa Pretoria High School for Girls ku South Africa anakana zimenezi mu 2016, ndipo Zulaikha Patel, amene chithunzi chake chinafala dziko lonse, anali ndi zaka 13 zokha. Mwana wa zaka 13 sanayenere kumenya yekha nkhondo yomwe azimayi akuluakulu tikanatha kuimenya pa msonkhano wa makolo.

Palinso chija tonse tinakula nacho, chilango cha venakula. Wina amalembedwa dzina, wina amalipira faindi, wina amakolekedwa chikatoni mkhosi chifukwa wayankhula Chitumbuka kapena Chiyawo pa nthawi ya buleki. Chizungu nchofunika, palibe akukana: mayeso a MSCE amachifuna, ma intavyu amachifuna, ndipo nchimodzi mwa zifukwa zomwe makolo amalipirira pulayiveti. Koma mwana angathe kuphunzira Chizungu popanda kumuchititsa manyazi ndi chiyankhulo cha agogo ake. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chomwe akufuna. Sukulu yomwe imavinitsa ana beni tsiku limodzi pa chaka, masiku ena onse nkumalanga mwana woyankhula Chiyawo, ikungogwiritsa ntchito chikhalidwe ngati chokongoletsera.

Nanga ana aulumali? Mukapita kukaona sukulu, musangoyang'ana labu ya makompyuta. Yang'anani masitepe. Lowani ku toileti ya atsikana, muone ngati njinga ya munthu waulumali ingalowe, ngati chitseko chimatsekeka, ngati muli madzi ndi potayira mapadi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mdziko muno muli anthu achialubino oposa 134,000. Mtsikana wachialubino amafunika chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali, mpando wakutsogolo, mapepala a mayeso a zilembo zikuluzikulu chifukwa maso amamuvuta, komanso kusamuimika padzuwa pa asembule. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Zimafuna kuti ahedi avomere zoti lamulo la yunifolomu likhoza kupindika pofuna kuteteza khungu la mwana ku khansa.

Sukulu zina zimapereka ma basale kwa ana ochokera m'mabanja osauka, ndipo izi nzoyamikika. Koma funsani aliyense amene anaphunzirapo pa basale akuuzeni. Kulowa pageti ndi chiyambi chabe. Pali ulendo wa kunyanja womwe aliyense wapita kupatula iwe. Pali tsiku lovala zakunyumba, lomwe umadzuka mmawa nkunamizira mutu. Pali kuimikidwa kutsogolo kwa alendo kuti uthokoze, chithunzi chako nkuchiika pa intaneti osakufunsa. Ngati sukulu yaitana mwana wosauka, iwerengere zonse: mabuku, maulendo, zovala za masewera, mapadi. Ndipo dzina lake likhale nkhani ya mu ofesi basi.

Tikudziwa zomwe eni sukulu ena ayankhe. Ati sukuluyi ndi bizinesi yanga, ndinamanga ndi ndalama zanga, amene sakufuna apite kwina. Atinso zinthu zakwera mtengo, makolo akuchedwa kulipira, aphunzitsi odziwa kuphunzitsa ana osamva kapena osaona ndi ochepa. Mbali yachiwiriyi ndi yoona. Sukulu yaing'ono ya mkomboni siingamange zonse temu imodzi, ndipo aphunzitsi omwe amachokera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu sangakwanire sukulu iliyonse. Tingamvetse sukulu yomwe ikunena moona kuti chaka chino tikonza zimbudzi, chaka chamawa polowera mkalasi. Koma kulola mtsikana kubwerera akabereka sikufuna thumba la simenti. Kusiya kuyeza mimba mokakamiza kumapulumutsanso ndalama. Kulola hijabu, madiredi ndi chipewa kumangofuna cholembera.

Mbali yoyamba ija, yakuti sukulu ndi yanga, ili ndi malire. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko limalola sukulu za pulayiveti pokhapokha ngati zalembetsedwa kuboma ndipo muyezo wake suli wotsika poyerekeza ndi wa sukulu za boma. Gawo 20 limaletsa tsankho pa zifukwa monga kuti munthu ndi wamkazi kapena wamwamuna, khungu, chiyankhulo, chipembedzo, ulumali, chuma ndi kobadwira. Gawo 15 limanena kuti ufulu wa anthu uyenera kulemekezedwa ndi boma, komanso ndi anthu ndi makampani pomwe zikuwakhudza. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuzunza munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi faindi ya K1,000,000 komanso zaka 5 kundende. Malamulo amenewa sathera pageti, ngakhale mpanda utatalika bwanji.

Tisanalozenso chala, tidziyang'ane ifeyo. Nthawi zambiri ahedi amathamangitsa mtsikana woyembekezera chifukwa makolo a pa gulupu ya WhatsApp ayamba kulemba kuti aononga ana athu. Ena mwa makolowo ndi azimayi, ena ndi ife tomwe, amene tinaona mnzathu akusowa pa hositelo nkukhala chete. Eni sukulu amamvera amene akulipira. Akaona kuti makolo akufuna tsankho, aligulitsa. Akaona kuti makolo akufunsa mafunso ena, kabuku kaja kasintha msanga kuposa mmene tikuganizira.

Ndiye chaka chino, musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pemphani kabuku ka malamulo mupite nako kunyumba. Mukabwerera, funsani ahedi mwaulemu koma momveka. Mtsikana akatenga mimba pano mumatani, nanga mnyamata kapena bambo wokhudzidwayo mumamutani? Mumayeza atsikana mimba, ndipo amene amavomereza ndani? Mwana akafuna kudandaula za mphunzitsi amene akumufunsira kapena kumugwiragwira, amapita kwa ndani, ndipo kodi munthuyo si mnzake wa mphunzitsiyo? Muli ndi ana angati aulumali, ndipo amene munawakana munawakana chifukwa chiyani? Mu bodi ya sukuluyi muli azimayi angati? Mayankho apempheni polemba. Ngati ahedi akwiya ndi mafunsowa lero, ndalama zili mmanja mwanu, mwadziwiratu mmene adzakulandirireni tsiku la vuto.

Amene muli kale mkati, pitani ku msonkhano wa PTA, musangotumiza chipepeso. Pitani awiri kapena atatu, mupemphe kuti nkhani ya malamulo ilowe pa ajenda. Amene munaphunzira pa sukulu zimenezi, magulu anu a alumni amasonkha ndalama za penti ndi ma tanki a madzi, ndiye muli ndi mawu, agwiritseni ntchito. Aphunzitsi achitsikana amene mukuopa kutaya ntchito, tikukumvetsani, koma lembani zomwe mukuona, ndi madeti ake, muzisunge. Mwana akachitiridwa nkhanza, nambala ya 116 ndi yaulere. Akachotsedwa sukulu mwatsankho, dandaulo likhoza kupita ku ofesi ya zamaphunziro ya mdera lanu kapena ku Malawi Human Rights Commission, yomwe lamulo la 2013 lija linaipatsa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa. Bungwe la eni sukulu za pulayiveti la ISAMA nalonso tikulipempha kuti likambirane ndi mamembala ake za ndondomeko imodzi yomveka pa nkhani ya mimba, zovala za chipembedzo ndi ulumali.

Ngati muli ndi kabuku ka malamulo ka sukulu ya mng'ono wanu kapena ya mwana wanu, tajambulani tsamba lokhudza mimba, tsitsi ndi chiyankhulo mutitumizire ku inbox, mutabisa dzina la mwana. Tikufunanso kumva za sukulu zomwe zikuchita bwino, zomwe zinalandiranso mtsikana atabereka mpaka analemba MSCE, kuti makolo ena adziwe koyenera kupititsa ndalama zawo.