Tsankho Linafika Mpaka M'seminale

Pophunzira mbiri ya South Africa timaloweza zaka. Chipani cha National Party chinatenga boma mu 1948. Mu 1949 chinaletsa ukwati pakati pa mzungu ndi munthu wa khungu lina, ndipo mu 1950 munthu aliyense anayamba kulembedwa m'kaundula potengera mtundu wake, n'kuuzidwanso dera loti azikhala. Apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960. Izi n'zofunika, koma ine ndikuona kuti ife a m'seminale tikudumpha mbali imene ikutikhudza kwambiri.

Mbali yokoma timaikonda. Boma litakhazikitsa lamulo la Bantu Education mu 1953, lofuna kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza ntchito yotumikira azungu, mipingo yambiri inapereka sukulu zake ku boma. Mpingo wa Katolika unakana, ndipo unayendetsa sukulu zake ndi zopereka za akhristu boma litasiya kuthandiza. Mu 1957 maepiskopi, pakati pawo Ambuye Denis Hurley a ku Durban, analemba kalata yonena kuti tsankho ndi loipa kuyambira kumizu kwake. Mu 1976 ana asukulu a ku Soweto pothawa zipolopolo anabisala m'tchalitchi cha Regina Mundi.

Koma abale anga, kalata yomweyo ya 1957 inavomera kuti tsankho linali m'nyumba mwathu: m'sukulu, m'zipatala, m'nyumba za asisitere ndi m'maseminale. Mnyamata wachizungu wofuna unsembe ankapita ku St John Vianney ku Pretoria. Wakuda ankapita ku St Peter's, imene kenaka inasamukira ku Hammanskraal. Maitanidwe amodzi, Misa imodzi, koma zipata ziwiri! Kodi awiriwa atadzozedwa ankayang'anana bwanji pa guwa?

Ena amati maepiskopi analibe chochita popeza malamulo a boma anali okhwima. Ine sindikhutira nazo. Amene analimba mtima kukaniza boma sukulu zawo akanathanso kuika anyamata awo patebulo limodzi. Boma linkaopseza, inde, koma ndikuganiza kuti ankaopanso kukhumudwitsa akhristu achizungu a m'maparishi awo.

Tsankho linatha ndi chisankho cha pa 27 Epulo 1994. Ku seminale, anyamata akuda ndi achizungu anayamba kuphunzira pamodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, patapita zaka pafupifupi 20 chilembere kalata ija.