Madzi Owawa a Ambuya Si Ufiti

Ndatopa nako kuseka kwanu, anzanga a m'komboni. Tsiku lina ndinakamba kuti ambuya anga ku Katete amateteza repu ndi nyemba zawo ndi masamba a ububa, umene ena amati ombwe. Amasinja masambawo, kuwanyika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuwaza m'dimba. Mnyamata wina, foni kumanja, anati: "Izo ni za kumunzi." Koma madzulo ake anadya ndiwo za pamsika, osadziwa kuti anazipopera ciani, kapena liti.

Mvetserani. Mbozi ikabwera, comera sicingathawe. N'cifukwa cake cimadzipangira mankhwala: ena owawa, ena onunkha, ena akupha. Asayansi amawachula kuti secondary metabolites. Si ndiwo amakulitsa comera, koma amacithandiza kupulumuka kwa adani. Nicotine wa mu fodya ndi mmodzi wa iwo. Artemisinin, amene ali m'mapilisi a malungo amene munamwa ku kiliniki, anacokeranso m'tsamba. Mu ububa muli rotenone ndi deguelin, amene amapha nsabwe za m'masamba ndi anankafumbwe a m'nyemba. Ambuya maina awa sawadziwa, koma nchito yake amaidziwa bwino kuposa imwe.

Onani zimene ena acita. Ku Kenya, akatswiri a bungwe la icipe anapeza kuti mukabzala desmodium pakati pa mizere ya cimanga, mizu yake imatulutsa mankhwala olepheretsa kaufiti kumata pa mizu ya cimangaco. Kuno kwathu, mu 2012, anatulutsa mbewu za cimanga ca olenji. Mtundu umenewo ndi wa carotenoids, amene thupi limasandutsa vitamini A. Oweta mbewu anasankha dala cimanga cokhala ndi mankhwalawa ambiri kuti mwana adye nsima yoteteza maso ake. Kodi izinso ni za kumunzi?

Koma musathamange kuwomba m'manja, imwe okamba kuti ciliconse cacilengedwe n'cabwino. Nanunso ndili nanu mlandu. Ububa womwewo ukalowa mumtsinje umapha nsomba. Cinangwa cowawa cimatulutsa cyanide, ndipo mukacidya osacinyika m'madzi masiku angapo mukhoza kufa. Ndiponso ofufuza anapeza kuti ububa wina, ngakhale umaoneka cimodzimodzi, ulibe mankhwala ophera tizilombo. Mlimi akabzala umenewo adzasinja, adzawaza, nsabwe zidzapitiriza kudya, ndipo adzanena kuti ambuya anam'namiza.

Apa ndiye pamene pandipweteka. Nzeru ilipo, koma ikusowa muyeso. Masamba angati pa ndowa imodzi? Mbewu iti ndiyo yamphamvu? Padutse masiku angati tisanathyole repu? Mayankho ake afunika munthu wodziwa chemistry amenenso sacita manyazi kukhala pansi pambali pa mtondo wa ambuya. Munthu ameneyo ndimwe. Koma imwe mumati ulimi ndi wa olephera mayeso, pamene botolo la mankhwala ogula likukwera mtengo ndipo mbozi za fall armyworm, zimene zinafika kuno mu 2016, sizinabwerere kwawo.

UNZA ndi NRDC amaphunzitsa zaulimi mu Lusaka mommuno. Mukalephera kufika kumeneko, yambani ndi masaka awiri a repu kuseri kwa nyumba: limodzi muwaze ububa, lina ayi, ndipo mulembe zimene mwaona tsiku ndi tsiku. Mukatero bwerani tikangane. Amene alibe colemba m'manja aleke kuseka ambuya anga.