Matenda a achule amayenda ndi anthu

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, madambo a m'mbali mwa Lutembwe amadzaza phokoso la achule usiku wonse. Pakapita masabata angapo, zithaphwi zimada bii ndi ambululu. Anthu ambiri kuno ku Chipata saganizako zoti nyama zimenezi zimadwala. Koma zimadwala, ndipo zikayamba kufa zimafa dziwe lonse.

Pali gulu la mavairasi lotchedwa Ranavirus. Chule wogwidwa nalo amafiira pamimba ndi m'ntchafu, amatupa, magazi amachucha m'kati mwa thupi. Ambululu amayandama chagada, ndipo m'masiku ochepa madzi amakhala atadzaza mitembo. Munthu sadwala nako kachilomboka chifukwa sikaswana m'thupi lotentha ngati lathu. Komatu kamagwira nsomba, akamba ndi abuluzi, ndipo apa mpamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu.

Mtundu wodziwika kwambiri, Frog virus 3, adaupeza Allan Granoff ku America m'zaka za m'ma 1960. Mu 2004 akatswiri adawerenga DNA yake yonse napeza zilembo pafupifupi 105,000, kuposa katatu za kachilombo ka Covid-19. Kuwerengaku si ntchito yongosangalatsa ophunzira ayi. DNA ya vairasi imaulula kumene idachokera, njira imene idadzera ndi mtundu umene idakumana nawo. Akatswiri atafananitsa mitundu ya m'mayiko osiyanasiyana, adaona kuti m'malo ambiri kachilomboka kadafika ndi anthu: ochita malonda a achule odyedwa, osunga nsomba zokongoletsa, ndi asodzi ogwiritsa ntchito ana a nyama za m'madzi ngati nyambo.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri n'chakuti mitundu iwiri ikakumana m'thupi la nyama imodzi imatha kusinthana zidutswa za DNA n'kubala mtundu watsopano. Zidachitikadi pa famu yoweta achule ku Georgia, ku America. Kumeneko adapeza vairasi yosakanikirana ya Frog virus 3 ndi mtundu wina wotchedwa CMTV, ndipo poyesa idapha ambululu mwamsanga kuposa Frog virus 3. CMTV ndiyo idapulula achule m'mapiri a Picos de Europa ku Spain kuyambira mu 2005. Malo amene nyama zaunjikidwa mothithikana, zochokera uku ndi uku, ndiwo amapatsa mavairasi mpata wotere. Mu 2008 bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, limene lero limatchedwa WOAH, lidaika Ranavirus pa matenda oyenera kulengezedwa akapezeka. Ngakhale kuno ku Africa adampeza kale, mwa achule a m'nyanja ya Oku ku Cameroon.

Tsono taonani zathu. Ulimi wa nsomba ukukula m'chigawo cha Kum'mawa, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma mbewu ya nsomba imayenda m'mapulasitiki pamabasi, makoka timabwerekana akadali onyowa, madzi a m'dziwe timangowatsegulira kumtsinje. Achule nawo amalowa ndi kutuluka m'maiwe amenewa usiku uliwonse. Amene akuyesa kuti matenda a m'madzi ali kutali akumbukire za mu 2020, pamene nsomba za ku Mchinji, kungodutsa pa Mwami, zidachita zilonda n'kumafa ndi matenda a EUS. Amenewo sadali a vairasi, koma njira zake zofalikira n'zomwezi.

Ena adzati n'kudera nkhawa chule pamene anthu ali ndi mavuto awo. Iwalani za chifundo, ganizirani za munda. Achule amadya ziwala, mbozi ndi tizilombo tina ta m'dimba popanda kulipidwa, ndipo iwonso ndi chakudya cha mbalame ndi milamba.

Alimi a nsomba, gulani mbewu kwa oswetsa ovomerezeka ndi a Dipatimenti ya Nsomba. Khoka lobwereka liviikeni m'madzi a klorini, muliyanike padzuwa mpaka liume gwa musanaliponye m'dziwe lanu. Ndipo mukapeza ambululu kapena achule atafa ambiri malo amodzi, musawataye mumtsinje. Kauzeni alangizi a nsomba kapena a zaziweto tsiku lomwelo, mitembo isanaole, poti yoola siyezeka bwino.