Mabuleki akamalira, osangokweza wailesi

Mukakwera Sienta kapena minibasi masiku ano, tamverani dalaivala akaponda buleki: kwiii! Tazolowera, koma si zabwino ayi. Kuyambira mu Novembala 2023 pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, masipeya akwera mtengo chifukwa timachita kuitanitsa kunja. Mapeto ake, eni magalimoto ambiri akuzengereza kupita ku galaja.

N'zoona kuti si kulira konse komwe kuli koopsa. Fumbi kapena chinyezi cha m'mawa chimaliritsa mabuleki, ndipo phokosolo limatha mukaponda kangapo. Koma likapitirira, kawirikawiri kamakhala kachitsulo ka pa brake pad kakukhudza disc, kuchenjeza kuti ma pad atha. Mukanyozera, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndiye mudzagulanso ma disc, omwe ndi odula kwambiri. Ndiye taganizani buleki ikukana mukutsetsereka pa Chiweta.

Nanga kwa dealer? Achinyamata ambiri amathawako poopa bilu, n'kuthamangira kwa makaniko wa pansi pa mtengo. Koma kulikonse mungapite, chomwe chimapweteketsa n'kusafunsa. Pemphani quotation yolembedwa ntchito isanayambe. Akasintha ma pad, akuonetseni akalewo, ndipo musachoke opanda lisiti. Dziwaninso kuti warranty nthawi zambiri sikhudza ma pad, poti ndi zinthu zokutha ndi ntchito. Akakuchitani chinyengo, kadandauleni ku bungwe la CFTC.

Zinthu zadula, inde. Komabe ma pad ndi otchipa kuposa bokosi la maliro.